Lipoti lathu la ku labu alikana, akuti ISO 9001 siyokwanira. Kodi ma labu amawayang'anira ndani?

wa_konkire
Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga waima. Timagwira ntchito ya zomangamanga ndipo ma cube a konkire timawatumiza ku labu ina kuti akawaphwanye tione ngati mphamvu yafika. Lipoti labwera bwinobwino, pamwamba pali logo ya ISO 9001 ndi sitampu yomwe, koma injiniya wa kasitomala walibweza akuti sangalilandire chifukwa labuyo ilibe accreditation. Ndamulozera logo ija akuti zimenezo ndi zina. Ndiye ndikufunsa, ISO si ISO yomweyo? Nanga amene amapereka accreditation yo ndi ndani, ndipo iwowo amawaona ndani? Kwa ine zikuoneka ngati pepala pamwamba pa pepala, njira yongotidyera ndalama basi.

pipeti
Injiniyayo akunena zoona. 9001 ndi 17025 ndi zinthu ziwiri.

wa_konkire
@pipeti ndiye mufotokoze achimwene, zoti ndi ziwirizo ndamva kale kwa iyeyo.

MayiWaLabu
@wa_konkire pepani ndi zimene zakuchitikirani, zimapweteka ntchito ikaima chifukwa cha lipoti. Ndiyesere kufotokoza.

ISO 9001 imaona mmene kampani ikuyendetsera zinthu zake, ngati madandaulo a makasitomala amalembedwa, ngati mafayilo amasungidwa bwino, ngati zolakwika amazikonza. Kampani ya mabasi ikhoza kukhala nayo, yosindikiza mabuku ikhoza kukhala nayo, labu nayonso ikhoza. Odita wa 9001 atha kulowa mu labu yanuyo nkutuluka asanaone ngakhale cube imodzi ikuphwanyidwa, ndipo sanalakwe chifukwa si ntchito imene anabwerera.

ISO/IEC 17025 ndi ya ma labu oyeza ndi a calibration (otsimikizira kuti zipangizo zoyezera zikuwerenga molondola) okhaokha, ndipo funso lake ndi lakuti kodi anthuwa amaitha ntchitoyi, nambala imene alembayo munthu angaikhulupirire? Accreditation ndi chivomerezo choti labu imaithadi ntchito yake motsatira muyezo umenewu, ndipo akamabwera a accreditation amabwera ndi katswiri wa mayeso omwewo. Kwa inuyo ndiye kuti munthu wodziwa konkire amaima pambali pa tekinishani nkumuonerera akuyeza mbali za cube, akuiika mu makina, liwiro limene akuithinira. Amafuna setifiketi ya calibration ya makinawo, amaona thanki imene ma cube amaviikidwamo ngati madzi ake amayezedwa kutentha tsiku ndi tsiku, amawerengera ngati masiku 28 aja anakwanadi. Makina akakhala kuti akuwerenga mopitirira, konkire yofooka imaoneka yolimba papepala, ndiye pamwamba pake pakakhala anthu. Injiniya uja akuopa zimenezo.

Chinanso, bungwe la ISO lenilenilo la ku Geneva silipereka setifiketi kwa aliyense. Ilo limangolemba miyezo. Opereka masetifiketi ndi makampani ena apadera.

Mlonda77
Mwafotokoza bwino mayi koma funso lachiwiri lija simunaliyankhe. Oyang'anirawo amawayang'anira ndani?

odita_wopuma
Ndiyankheko limenelo poti ndagwirako ntchito mbali zonse ziwiri.

Pansi pali inu eni katundu. Pamwamba panu pali amene amakuyezerani kapena kukupatsani setifiketi, ndipo aliyense ali ndi muyezo wake umene amaunikidwa nawo. Ma labu wamba ndi 17025, ma labu a zachipatala ndi ISO 15189, oyendera monga oona ma boiler ndi ma lift ndi 17020, opereka setifiketi ya 9001 kapena 14001 (ya zachilengedwe) ndi 17021-1, opereka chizindikiro pa katundu ndi 17065. Onsewa amene amawaunika ndi bungwe la accreditation. Ku Britain ndi UKAS, ku Germany DAkkS, ku South Africa SANAS, ku Kenya KENAS, ku India ma labu amawaona a NABL, ndipo kuli SADCAS ku Gaborone imene imatumikira maiko angapo a SADC amene alibe bungwe lawolawo. Lakale kwambiri ndi NATA ya ku Australia, linayamba mu 1947.

Tsono mabungwe amenewa nawonso ali ndi muyezo wawo, ISO/IEC 17011, ndipo amaunikana okhaokha. Pakatha zaka zinayi zilizonse kumabwera gulu la anthu ochokera ku mabungwe a maiko ena, amakhala nawo masiku angapo, amatsegula mafayilo, amapita nawo limodzi ku ma labu kukaona mmene ma asesa awo, anthu amene amawatuma kukaunika, akugwirira ntchito. Izi zimadzera m'magulu a zigawo monga AFRAC ya Africa, EA ya ku Ulaya, APAC ya Asia ndi Pacific. Bungwe likapambana limasaina mgwirizano wovomerezana. Wa ma labu unali wa ILAC, gulu la dziko lonse la mabungwe a accreditation, ndipo unasainidwa mu 2000, ngakhale ILAC yo inayamba ngati msonkhano chabe mu 1977. Mbali ya masetifiketi kunali gulu lina lotero, IAF, kuyambira 1993. Phindu lake ndi lakuti katundu woyezedwa kamodzi m'dziko lina asakayezedwenso akafika kwina.

Mlonda77
Ndiye mapeto ake akuunikana okhaokha. Mwaona pamene pali vuto? Ndipo tinene mosabisa, amene amalipira odita ndi yemweyo amene akuunikidwa. Kampani imasankha yokha woipatsa setifiketi, akaivuta chaka chamawa imapita kwa wina wofewa. Mu September 2012 fakitale ya zovala ya Ali Enterprises ku Karachi inapsa nkupha anthu oposa 250, ambiri analephera kutuluka, koma inali itangolandira setifiketi ya SA8000, ya kasamalidwe ka ogwira ntchito, masabata ochepa m'mbuyomo kudzera ku kampani ya RINA ya ku Italy, imenenso inali ndi accreditation yake. Pepalalo linapulumutsa ndani?

pipeti
Zimenezo ndi za social audit, si za labu.

Mlonda77
Ndalama zimayenda chimodzimodzi achimwene, wolipira ndi woyezedwa.

odita_wopuma
@Mlonda77 sindikutsutsani, nkhani ya Karachi ndi yochititsa manyazi kwa aliyense wa ntchito yathuyi ndipo vuto la wolipiralo lilipodi. Kungoti musasakanize magulu awiriwa. Makampani a certification, opereka masetifiketi aja, amapikisana, amalimbirana makasitomala, ndiye chiyeso chofewetsa chimakhala chachikulu. Nchifukwa chake 17021-1 imawaletsa kulangiza kampani mmene ingakhazikitsire sisitimu kenako nkudzaipatsa okha setifiketi, ndipo munthu amene analangizako kampani sayenera kukaiunika mpaka patadutsa zaka ziwiri. Wopita kukaunika sakhalanso yemweyo wogamula zopereka setifiketi, amagamula wina amene sanapiteko.

A accreditation kuti aone ngati zimenezi zikutsatidwa sangokhala mu ofesi ya kampani ya certification yo ayi. Amatsagana ndi odita wawo kwa kasitomala, nkukhala phee kumbuyo kumuonerera. Akaona kuti wadutsa pa chinthu choonekeratu osachilemba, mlandu umagwera kampani imene yamutumayo.

Pa mabungwe a accreditation eni ake, ku Ulaya anachita kuika lamulo, Regulation 765 ya 2008, kuti dziko lililonse likhale ndi bungwe limodzi lokha, losapanga phindu, losapikisana ndi anzake. Cholinga chinali chomwecho, kuti labu ikalephera isathawire kwina. Ku America ndi kosiyana, kuli angapo monga A2LA, ANAB ndi NVLAP ndipo labu imasankha. Ineyo ndimakonda njira ya limodzi ija, ngakhale nayonso ili ndi vuto lake, akamachedwa kukuyenderani mulibe kwina kopita.

dontho_lamadzi
Ndilowepo ndi chinthu chimene ambiri chimawapusitsa kuposa 9001 ija. Labu ikhoza kukhala ndi 17025 yeniyeni koma mayeso amene inu mwapemphawo asakhalemo. Accreditation siperekedwa kwa nyumba yonse, imaperekedwa pa mayeso akutiakuti, pa chinthu chakutichakuti, ndi njira yakutiyakuti. Mndandanda umenewo ndi umene amati scope. Zili ngati laisensi yoyendetsera, wa njinga yamoto sangakwere lole nkumati laisensi ndili nayo.

Ife tinatumizapo madzi kuti atiyezere lead ndi arsenic ku labu ina yokhala ndi setifiketi yokongola pakhoma. Titatsegula scope yawo munali pH, conductivity ndi turbidity basi. Zazitsulozo munalibe, koma lipoti linabwera ndi logo pamwamba ngati zonse ndi zovomerezeka.

MayiWaLabu
Chimenecho ndi cholakwa chachikulu @dontho_lamadzi. Lipoti likakhala ndi chizindikiro cha accreditation, mayeso alionse amene ali kunja kwa scope amayenera kuikidwa kachizindikiro ndi mawu oonekera kuti awa sali m'gulumo. Chimodzimodzi ngati apereka sampulo yanu kwa labu ina kuti iwayezere, ayenera kunena. Ma asesa amayang'ana malipoti akale dala pofuna zoterezi.

dontho_lamadzi
Panalibe kachizindikiro kalikonse mayi. Tinasiya kutumizako.

odita_wopuma
Mukanawalemberanso a accreditation. Anthu sadziwa kuti khomo limeneli ndi lotsegula. Mumayamba mwadandaula ku labuyo, ili ndi udindo wolemba dandaulo lanu ndi kukuyankhani. Mukapanda kukhutira mumapita ku bungwe limene linaivomereza ndipo ilo limayenera kufufuza, nthawi zina mpaka kupitako mwapadera. Atha kuichotsera mayeso ena pa scope, kuiimitsa kaye kapena kuilanda accreditation yonse, ndipo mabungwe ambiri amaika maina a oimitsidwawo pa webusaiti yawo.

tiyese_tione
Ine ndimagwira mu labu ndipo ndinene zimene ndimaona. Ma asesa amanena tsiku limene abwere. Sabata imeneyo ndiye kukolopa, kumata malebulo atsopano pa mabotolo, mafomu amene anali ndi mipata kudzadzidwa usiku umodzi. Akachoka moyo umabwerera mwakale. Zimandiwawa chifukwa ena timayesetsa chaka chonse koma onse timalandira pepala limodzimodzi.

pipeti
Asesa wodziwa ntchito amazigwira zimenezo. Fomu ya kutentha kwa filiji ya miyezi itatu yolembedwa ndi bolopeni imodzi, dzanja limodzi, mpaka masiku amene munthuyo anali pa holide, imadziulula yokha.

odita_wopuma
Eya, ndipo njira imene ndinkaidalira ine ndi yotenga lipoti limodzi mwachisawawa mu fayilo nkulitsatira chobwerera. Sampulo iyi inalandiridwa liti, analandira ndani, inasungidwa pati, anayeza ndani, munthuyo analoledwa liti kuyeza yekha, makina ake anali ndi calibration pa tsikulo, mankhwala amene anagwiritsa ntchito anali asanathe nthawi, manambala oyambirira a mu makina ali kuti. Kukolopa kwa sabata imodzi sikungakonze unyolo wonsewo. Pamene waduka pamalembedwa nonconformity, ndiye labu imapatsidwa nthawi yoti isonyeze gwero la vutolo ndi umboni woti yakonza, osati kungolonjeza.

Komabe @tiyese_tione ali ndi mfundo. 17011 imati nthawi yonse ya accreditation isapitirire zaka zisanu ndipo pasadutse zaka ziwiri asanafikeko pamalo. Masiku awiri atatu pa zaka ziwiri ndi ochepa. Pa nkhani ya PIP ya ku France, kampani yopanga zoika m'mabere imene inkagwiritsa ntchito silikoni wosavomerezeka mpaka inagwidwa mu 2010, ma odita a TÜV Rheinland ankanena tsiku lobwera ndipo kampaniyo inkabisa zinthu. Zitatero mu 2013 a European Commission anati opanga zipangizo zachipatala azifikiridwanso modzidzimutsa.

Kamtsitsi
Nanga pakati pa maulendowo palibe chimene chimachitika?

MayiWaLabu
Chilipo, ndipo kwa ine ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa ma asesa. Ndi PT, mayeso oyesa labu yeniyeniyo ngati ikuyeza molondola. Bungwe lina lapadera, nalonso lounikidwa ndi 17043, limatumiza sampulo yofanana ku ma labu ambiri nthawi imodzi, inu osadziwa yankho lake. Mumayeza, mumatumiza, iwo amakubwezerani z-score, nambala yosonyeza mmene mwatalikirana ndi yankho loyembekezeka. Ikakhala pakati pa -2 ndi 2 muli bwino, pakati pa 2 ndi 3 ndi chenjezo, ikafika 3 mwalephera ndipo muyenera kufufuza chavuta nchiyani, mwinanso kubwerera ku malipoti amene munapereka kale kwa makasitomala nthawi imeneyo. Asesa akafika chinthu choyamba kufunsa chimakhala zotsatira za PT, makamaka zimene simunakhoze, kuti munachitapo chiyani.

tiyese_tione
Ena amaimbirana foni kufunsana kuti inu mwapeza zingati.

MayiWaLabu
Amene amatero akudzinamiza okha, ndipo akagwidwa ndi nkhani yolandidwa nayo accreditation. Komanso mnzako amene ukumukoperayo mwina ndi amene waphonya.

Kamtsitsi
Ndifunseko chapambali. Mwati makina amafunika calibration. Nanga amene amachita calibration yo miyala yake yoyezera amaiyeza ndani? Zimathera pati?

pipeti
Zimathera ku SI, miyezo imene maiko anagwirizana monga kilogalamu ndi mita. Labu ya calibration imatumiza miyala yake ku bungwe loona za miyezo la dziko, ilo limafananitsa ndi a maiko ena kudzera ku BIPM, ofesi ya miyezo ya dziko lonse imene ili ku Sèvres pafupi ndi Paris. Kuyambira 1889 kilogalamu inali kachitsulo ka platinum ndi iridium kosungidwa kumeneko, dziko lonse linkadalira komweko. Pa 20 May 2019 anasintha, pano kilogalamu imachokera pa Planck constant, nambala ya m'chilengedwe imene sisintha.

Kamtsitsi
Ndiye kachitsulo kaja anakataya?

pipeti
Kakadalipo, kungoti sindiko kamene kakulamulanso. Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti pa sitepe iliyonse ya unyolowo amalemba kuti akhoza kuphonya ndi zingati, ndiye kuphonyako kumakula ukamatsika mpaka kufika pa sikelo ya mu labu. Nchifukwa chake labu yabwino mukaifunsa uncertainty imakuuzani nthawi yomweyo. Imene ingakuyankheni kuti ife sitiphonya, ithaweni.

wa_konkire
Abale tibwerere ku ma cube anga, kilogalamu tidzaikamba tsiku lina. Ndiye ndichite chiyani kwenikweni?

dontho_lamadzi
Afunseni a labuyo nambala ya accreditation ndi dzina la bungwe limene linawapatsa. Musakhutire ndi fotokope imene angakupatseni, pitani nokha pa webusaiti ya bungwelo mukafufuze nambalayo, muone ngati ikadali yamoyo, kenako mutsitse scope muwerenge ngati compressive strength ya konkire, mayeso ophwanya ma cube aja, ilimo ndiponso njira yake ngati ndi yomwe ili mu kontrakiti yanu. Muonenso adiresi, chifukwa kampani ikhoza kukhala ndi nthambi zitatu yovomerezeka nkukhala imodzi.

Mlonda77
Muonenso bungwe lenilenilo. Kuli ena anangotsegula webusaiti nkudzitcha bungwe la accreditation, logo yagolide, dzina lomveka ngati la boma, koma palibe anawaunikapo. Amagulitsa setifiketi pa sabata imodzi osafikako nkomwe.

odita_wopuma
Apa ndiye tagwirizana @Mlonda77. Ndipo m'maiko ambiri si mlandu kudzitcha choncho, nchifukwa chake amachuluka. Mayeso ake ndi amodzi, kodi dzina lawo lili pa mndandanda wa osaina mgwirizano wovomerezana uja? Ngati palibe, pepala lawo silidutsa malire. Za masetifiketi a 9001 kulinso IAF CertSearch kumene mungafufuze.

nesi_wausiku
Ndakhala ndikungowerenga. Kwathu ku chipatala ndimamva za nyenyezi, akuti labu ili ndi nyenyezi zinayi. Ndi zomwezi?

MayiWaLabu
Ayi asisi, imeneyo ndi SLIPTA ya WHO chigawo cha Africa, makwerero okonzekeretsa labu kuyambira nyenyezi imodzi mpaka zisanu. Ndi pulogalamu yabwino kwambiri, yakweza ma labu ambiri amene akanaopa kuyamba, koma ngakhale zisanuzo si accreditation. Zimangosonyeza kuti tsopano mukhoza kukapempha ISO 15189. Ndipo 15189 yo, imene inakonzedwanso mu 2022, imakukhudzaninso inuyo a mu wodi, chifukwa imayambira pa kutenga magazi, kulemba dzina pa botolo wodwala ali pomwepo, nthawi imene sampulo yatenga kuti ifike. Makina akhoza kukhala olondola bwanji koma botolo likasinthana dzina, yankho lolondola lapita kwa munthu wolakwika.

nesi_wausiku
Zikomo mayi. Nchifukwa chake amatibwezera mabotolo opanda nthawi yotengera, ndinkaona ngati akungovuta.

Mlonda77
Ine ndikadali pomwepo kuti dongosolo lonseli limadalira chikumbumtima cha munthu amene watumidwayo. Asesa waulesi, labu yochenjera, basi zadutsa. Ndipo ma labu ang'onoang'ono ambiri amagwira ntchito yabwino koma sangakwanitse kulipira ma asesa, calibration ndi PT chaka ndi chaka, ndiye amatsekeredwa kunja.

tiyese_tione
Pa ang'onoang'onopo ndikuvomereza. Koma popanda zonsezi kasitomala angadziwe bwanji yabwino ndi yoipa? Aziyendera yekha labu iliyonse? Ine ngakhale ndadandaula pamwambapa sindingafune kubwerera ku nthawi imene munthu ankangolemba nambala palibe womufunsa kuti waitenga kuti.

MayiWaLabu
Labu yaying'ono isayambe ndi mayeso onse. Isankhe awiri atatu amene makasitomala amafuna kwambiri, ipeze accreditation pa amenewo, ena izionjezera pang'onopang'ono. 17025 ya 2017 inachepetsanso zokakamiza pa mapepala, sifunanso buku lalikulu la quality manual ngati kale, imafuna muonetse kuti mukudziwa pamene zinthu zingalakwike ndipo mwatsekapo.

wa_konkire
Ndafufuza monga mwanenera. Labu ija pa mndandanda palibe, ndawaimbira avomera kuti ali ndi 9001 yokha, 17025 akuti akukonzekera. Ndapeza ina imene compressive strength ili mu scope, ma cube otsatira azipita kumeneko. Vuto latsala ndi la silabu imene tinathira kale, ma cube ake anaphwanyidwa onse. Injiniya akuti tiboole ma core, tizidutswa ta konkire tochotsa mu silabu yomweyo kuti tikayezedwe.

pipeti
Musanaitane oboola muonenso scope ya labu yatsopanoyo. Cube ndi core ndi njira ziwiri zosiyana, core imafuna kudula ndi kusalaza nsonga zake ndiponso kuwerengera kwina malinga ndi kutalika ndi kunenepa kwake. Ikhoza kukhala ndi ya cube yokha.

odita_wopuma
Ndipo mugwirizane ndi injiniyayo polemba musanaboole, malo ake ndi ati, ma core angati, oboola ndani, nanga zotsatira zikagwera pamalire penipeni mugamula bwanji. Labu ya 17025 mukaipempha kuti ilembe pass kapena fail imayenera kukambirana nanu kaye lamulo logamulira limenelo, ndiye mufunse injiniyayo kuti akufuna lamulo liti ndipo alilembe mu kalata yomweyo.